Ndulu ya Make Farida

Dzina lawo lolembedwa pa chiphaso ndi Nasra Sulemani, koma kwathu kuno ku Malengachanzi mukafunsa dzina limeneli anthu angoyang'anana. Aliyense amawadziwa kuti Make Farida. Ine ndine Liness. Nyumba zathu zinayang'anizana, ndipo pa kamsika ka m'mbali mwa msewu ndimayala tomato wanga pafupi ndi beseni lawo la zitumbuwa. Takhala chomwechi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndiye zimene ndikufotokozazi si zakumva ayi.

Amuna awo, a Sulemani, ndi telala. Makina awo amakhala pakhonde la golosale, ndipo amasoka mayunifolomu a ana a sukulu ndi mikanjo ya ku mzikiti. Ndi munthu wofatsa, woonda ngati singano yawo yomwe, koma wofulumira kukhulupirira chilichonse chimene khutu lawo latola. Banjali linali ndi ana asanu ndi atatu, onse amoyo. Woyamba ndi Farida, wachiwiri Sufiyani amene anapita ku Joni. Enawo ngakhale mayi awo akafuna kuitana mmodzi amayambira pamwamba kutchula mayina mpaka woyenerayo avomere.

Pa nkhani ya uchembere Make Farida sankafuna mnzawo. Mwana wachitatu anabadwa iwo atangomaliza kuokera mpunga m'dimba. Wachisanu anabadwira pa ngolo, ng'ombe zisanafike n'komwe pa chipatala chathu chaching'ono. Ku sikelo ndiwo ankayambitsa nyimbo, ndipo namwino akamaphunzitsa iwo ankamuwongolera. Anamwino anayi anabwera n'kusamuka, iwo ali pa benchi lomwelo.

"Kubereka kuli ngati kupeta mpunga," ankatero. "Amene amamwaza ndi ophunzira kumene."

Chaka cha 2022 anali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo ankati ngalawa yawo yakocheza, za kubereka zatha. Tsiku lina akukazinga anandinong'oneza kuti mwezi wawadutsa kawiri, ndiye kuti ukalamba wafika. Ine ndinangoyang'ana mmene ankatafunira dothi la chulu lomwe anamanga pa nsonga ya chitenje. Patapita masabata awiri Farida anabwera kuchokera ku Ngala kumene anakwatiwa, kudzauza mayi ake mwamanyazi kuti ali ndi pakati poyamba. Anagwada, nayamba kulankhula chamunsimunsi. Kenaka anawayang'anitsitsa mayi akewo, kuyambira kumaso mpaka m'chiuno.

"Amayi, inunso?"

"Tseka pakamwa, uli ndi mwano," anatero Make Farida. "Wabwera kudzanena zako kapena zanga?"

Basi mayi ndi mwana anayamba kuyendera limodzi sikelo, popeza Farida anasankha kudikirira kwa makolo. Pa nthawiyi pa chipatala pathu panali patabwera namwino watsopano dzina lake Memory, msinkhu wake wa Farida yemwe. Atawerenga buku la Make Farida anawauza mwaulemu kuti mimba yachisanu ndi chinayi, pa zaka zimenezo, imafuna kuisamala mwapadera, ndipo ndi bwino akachilire ku chipatala cha ku boma.

"Mwanawe, iwe wabereka angati?" anafunsa Make Farida.

"Sindinayambe, amayi."

"Ndiye sendera kuno ndikuphunzitse."

Azimayi onse pa benchi anaseka, Memory naye anaseka, koma zimene ananenazo anazilemba ndithu m'buku ndi cholembera chofiira.

Mimba itakwana miyezi isanu ndi iwiri, chikhatho chakumanja cha Make Farida chinayamba kuyabwa. Kwathu kuno dzanja lamanja likayabwa timati kukubwera ndalama, ndiye a Sulemani anasangalala kwambiri. Anathira mafuta makina awo, ati kukubwera oda yaikulu ya mayunifolomu. Patatha masiku atatu chikhatho chakumanzere chinayambanso. A Sulemani anati palibe vuto, ndalama zikachuluka dzanja limodzi silikwanira. Kenaka kunayabwa kunsi kwa mapazi, ndipo aliyense akudziwa kuti zimenezo ndi ulendo. Apa a Sulemani anaphatikiza zonse n'kupeza yankho: Sufiyani atumiza ndalama ndi tikiti ya basi kuti mayi ake akaone Joni. Anamuimbira foni tsiku lomwelo, ine ndili pomwepo. Sufiyani anati wakondwa kuti aimba, chifukwa ankafuna kupempha kuti amutumizireko mpunga wa kilombero ndi usipa wouma, zakudya za kumeneko zamukwana.

Kuyabwa kuja kunafalikira thupi lonse. Chodabwitsa chinali chakuti pakhungu panalibe kanthu, ngakhale kachiphuphu kamodzi, kupatula mikwingwirima ya zikhadabo zawo zomwe. Ankayenda ndi chitsononkho chodzikandira m'thumba. Pokhala pa msika ankavula patapata n'kumakhula mapazi pa njerwa, uku manja akupekesa pa mpando. Nthawi zina ankatsamira mtengo wa mango n'kumadzikhuluza msana ngati ng'ombe. Makasitomala anayamba kuchepa. Wakabaza wina, Steward, amene ankagula zitumbuwa zinayi m'mawa uliwonse, anaima patali n'kufunsa kuti, "Amayi, zitumbuwazi mwaumba ndi manja omwewo?"

"Ukuganiza kuti ndili ndi manja ena kunyumba?" anamuyankha. "Si mphere izi. Bwera uone."

Steward sanabwere. Kuyambira tsiku limenelo beseni ndinkagulitsa ndine, iwo atakhala kumbuyo ngati mlendo.

Kunyumba anasaka wolakwa. Anayamba ndi sopo, anamusintha katatu. Kenaka anati ndi nsikidzi, a Sulemani n'kutulutsa bedi panja, kulithira madzi owira mpaka matabwa anapindika. Anati mwina ana abweretsa chitedze m'zovala, ana onse n'kukwapulidwa ndi mawu. Za kuchipatala sankafuna kumva. Ankati munthu wobereka kasanu n'katatu sangakaime pamaso pa kamtsikana n'kumati ndikuyabwa.

Ine ndinayamba kuda nkhawa tsiku limene ndinawaona maso padzuwa. Koyera kuja kunali kutasanduka kwachikasu pang'ono, ngati mafuta ophikira. Anandiululiranso kuti mkodzo ukutuluka ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo tulo sakuliona. Ndinamuuza Farida, ndipo Farida anachita chimene mwana wolimba mtima yekha angachite: anawaneneza mayi ake pa sikelo, pamaso pa anthu.

"Anesi, amayiwa akubisa matenda. Aonetseni manja, amayi."

Make Farida anamuyang'ana Farida ndi diso loti tikakumana kunyumba. Koma Memory anali atawagwira kale dzanja. Anatembenuza zikhatho, anayang'ana mapazi, anawatsitsa chikope, anafunsa za mkodzo. Ndiye anasiya kumwetulira.

"Amayi, ndikukulemberani kalata mupite ku boma lero lomwe, akakuyezeni magazi. Ndikukayikira chiwindi."

"Chiwindi chili m'mimba, kuyabwa kuli m'manja. Sukulu yako unaphunzira kuti?"

"Mukandikalipire mukabwerako," anatero Memory. "Koma lero mupite. Si za inu nokha, ndi za mwanayo."

Mawu omalizawo ndi amene anawakweza minibasi. Ndinapita nawo ine ngati gadiyani, ndipo a Sulemani anatseka makina n'kutitsatira. Njira yonse Make Farida ankakhula phazi pa chitsulo cha mpando wa kutsogolo, mpaka bambo amene anakhalapo anatembenuka n'kufunsa kondakitala ngati galimotoyo ili bwino.

Ku boma anawatenga magazi, anawagoneka, ndipo mawa lake masana tinaitanidwa m'kachipinda ka adokotala, a Zangaphee, bambo wamfupi wolankhula mosathamanga. A Sulemani anachita manyazi kulowa m'chipinda cha nkhani za azimayi, choncho anatsala pakhonde, khutu atalozetsa kukhomo.

A Zangaphee anati malungo palibe, matenda otupa chiwindi opatsirana aja palibenso. Kenaka anafotokoza kuti chiwindi ndicho chimasefa magazi ndi kupanga ndulu yothandiza kugaya chakudya. Mayi aliyense akakhala ndi pakati chiwindi chimagwirira ntchito anthu awiri, ndipo zina mwa zimene amayeza m'magazi zimasintha pang'ono, zomwe sizidetsa nkhawa. Koma kwa amayi ena, kumapeto kwa mimba, ndulu imachedwa kutuluka m'chiwindi n'kubwerera m'magazi.

"Ndulu ili m'magazi mwanu, amayi. Ndiyo ikukuyabwaniyi."

"Chiwindi chomwechi chanyamula ana asanu ndi atatu osadandaula," anatsutsa Make Farida. "Chayamba liti ulesi?"

"Mwina chinkadandaula, inu osamva. Pa mimba zam'mbuyozi simunayabwepo?"

Make Farida anavomera kuti pa mwana wachisanu ndi chiwiri ndi wachisanu ndi chitatu ankayabwa ndithu chakumapeto, koma inali nyengo yopuntha mpunga, ndiye ankati ndi mankhusu.

"Ndi zomwezi, zimakonda kubwereza," anatero adokotala. "Sindikunena kuti kubereka kambiri ndiko kwabweretsa vutoli. Limagwiranso ena pa mimba yoyamba. Koma thupi limene lanyamula kasanu n'katatu, pa msinkhu wanu, timaliyang'anira ndi maso awiri. Inuyo mukachira kuyabwa kudzatha. Amene ndikumuopera ndi mwana, chifukwa ndulu ikachuluka mwana amatha kutisiya mwadzidzidzi ali m'mimba. Mukhala konkuno ku chidikiro, tizikuyezani pafupipafupi, ndipo sitidikira kuti miyezi ikwane yonse."

Titatuluka, pakhonde panalibe a Sulemani. Tinaganiza kuti apita kukaswali, popeza mzikiti suli patali. Ine ndinawasiya Make Farida ku chidikiro n'kukwera minibasi kukatenga mapoto, ufa, makala ndi zofunda.

Ndikufika pakhomo panga ndinapeza anthu atadzaza bwalo. Pakati panali a Sulemani, tepi yoyezera ili m'khosi, akukalipa. Kutsogolo kwawo kunali amuna anga, a Stefano, atakhala pa mpando ndi ukonde umene ankasoka. A shehe anali ataitanidwa, a katekisiti nawo anali atafika, onse osadziwa poyambira.

Nkhani yake inali iyi. Pakhonde paja a Sulemani anangomva mawu atatu okha: ndulu, m'magazi, mwadzidzidzi. Ndipo kuno kufupi ndi mtsinje wa Bua munthu akamva za ndulu yopha amaganiza za ng'ona basi. Ali m'minibasi anayamba kufufuza m'mutu amene angathire mkazi wawo ndulu ya ng'ona. Anakumbuka kuti a Stefano anawakalipirapo chifukwa cha buluku limene anawasokera mwendo umodzi waufupi. Anakumbukanso kuti mwezi wathawo a Stefano omwewo anawapatsa nsomba yaikulu ya mpasa, yaulere.

"Munthu amene mwamusokera buluku lopotoka angakupatseni mpasa waulere?" a Sulemani ankafunsa anthuwo. "Taganizani nokha!"

"Mpasa umenewo tinadyera limodzi pakhonde panu," anatero a Stefano. "Mutu munamaliza ndinu, mpaka maso. Nanga inu simukuyabwa bwanji?"

A Sulemani anayamba kudzikanda pakhosi.

Ndinatula mtolo wanga n'kulowa pakati. "Bambo a Farida, ine ndinali m'chipindamo. Ndulu imene akunena adokotala si ya ng'ona. Ndi yawo yomwe Make Farida, anabadwa nayo."

"Munthu amakhala ndi ndulu?"

"Mbuzi ili nayo, nkhuku ili nayo, chambo chili nayo. Inu mungalephere bwanji?"

A shehe anaphimba pakamwa ndi dzanja, mapewa akugwedezeka. A Sulemani anapita kwa a Stefano, anawagwira dzanja ndi manja awiri, n'kupempha kuti abweretse buluku lija. Analikonza tsiku lomwelo. Anafupikitsa mwendo wautaliwo, moti mpaka lero a Stefano akalivala akakolo onse amakhala pamtunda.

Pofuna kufafaniza manyazi, a Sulemani anayamba kusamalira mkazi wawo mopitirira. Atamvetsa kuti chiwindi chatopa, anaganiza zochipezera wothandiza. Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse ankalawirira kwa ophera mbuzi, n'kufika ku chidikiro ndi chiwindi chathunthu chokulunga m'pepala. Anamwino anawauza kuti chiwindi cha mbuzi sichikalowa m'malo mwa cha munthu, ndiponso mayi woyembekezera sayenera kudya chambiri. Iwo ankavomera ndi mutu, Lachisanu n'kubweranso nacho. Ndinkachikazinga ine ndi anyezi, ndipo magadiyani anzanga ananenepa.

Ku chidikiro Make Farida anakhala masabata anayi. Mankhwala amene anawapatsa ndi mafuta odzola anachepetsako kuyabwa, koma chitsononkho sanachitaye. Pa sabata yoyamba anali atakhala kale mfumu ya malowo: ankagawa malo ophikira, kuweruza milandu ya ndowa zosowa, ndi kulangiza atsikana a mimba yoyamba. Koma ndinaona kusintha kumodzi. Adokotala anawauza kuti azitchera khutu mmene mwana akusewerera, ndipo akangoona kuti wachepetsa anene msanga. Mayi amene kale ankaseka zoterezi tsopano ankakhala phee atatha kudya, dzanja pamimba, milomo ikuyenda.

M'mawa wina ndikukoleza mbaula anandiitana ndi mawu amene sindinawamvepo.

"Liness, mwanayu sanandimenye chidzukire."

Sanadikire kuti ndivale patapata. Anayenda okha kupita ku wodi, ine ndikuthamanga pambuyo. Namwino anaika kachipangizo pamimba, nasuntha uku ndi uku. Make Farida anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka zala zinachita dzanzi, akutchula dzina la Allah chapansipansi. Kenaka kanamveka kamtima, kofulumira ngati mapazi a mwana wothamanga pa simenti. Iwo analira. Zaka zonsezi ndinali ndisanaone misozi yawo, ngakhale pa maliro a mayi awo analira mobisa.

A Zangaphee atabwera anati mwana wakhwima mokwanira, palibe chifukwa choyeseranso mwayi. Anawapatsa mankhwala oyambitsa matenda a uchembere tsiku lomwelo, kutatsala masabata atatu kuti nthawi ikwane. Dzuwa lisanapendeke kunabadwa mwana wamwamuna, wamng'ono ngati botolo la sobo koma wa mawu aakulu. Pambuyo pake Make Farida anataya magazi ambiri, moti anamwino anathamangathamanga ndi madiripi ndi jakisoni kwa ola lathunthu. Mmodzi wa iwo anandiuza poyera kuti zikanachitikira pa ngolo, bwenzi tikunena zina.

Pa tsiku lachitatu ndinawapeza atakhala pa bedi, manja ali pa maondo, akuwayang'ana ngati a munthu wina.

"Asiya kuyabwa," anatero. "Liness, ndagona mpaka kulota."

A Sulemani ankafuna mwanayo akhale Ibrahimu, dzina la malemu bambo awo. Make Farida anati ndi Mtendere, chifukwa ndi umene anaupeza atangotuluka. Pa mwambo wa dzina a shehe anatchula Ibrahimu, koma pamudzi palibe amene amamuitana choncho kupatula bambo ake.

Farida anachira patatha masabata atatu, pa chipatala chathu chaching'ono, m'manja mwa Memory. Anabereka mwana wamkazi wonenepa, Leah. Make Farida anaumirira kukhala gadiyani ngakhale anali asanalimbe, khanda lawo lili kumsana. Mlonda wa pachipata anasokonezeka, anawalozera ku sikelo ya ana, iwo n'kumuuza kuti abwera kudzalandira mdzukulu. Kwa Memory sanapepese ndi pakamwa, si khalidwe lawo. Anangomutengera nkhuku yoyera ndi lichero la mpunga, n'kumuuza kuti waonda, azidya.

Patatha masabata asanu ndi limodzi tinabwerera ku boma kukayezetsanso magazi. A Zangaphee anati chiwindi chabwerera mwakale, maso ayera, koma anachenjeza kuti mimba ina ikadzabwera vutoli likhoza kudzabweranso. Make Farida anafunsa okha za njira yotseka. Madzulo ake anawauza amuna awo pakhonde, ine ndikusankha tomato chapafupi.

"Koma Make Farida, ana amapereka ndi Mulungu," anatero a Sulemani.

"Amapereka ndithu, ndipo watipatsa asanu ndi anayi, alihamudulilahi. Koma chiwindi ndi changa. Mukafuna wakhumi mundibwereke chanu."

A Sulemani anadzigwira m'nthiti, mbali yolakwika, n'kunena kuti nkhaniyi aimva. Anawaperekeza okha tsiku lake, ndipo ulendo umenewo analowa m'chipinda cha adokotala n'kukhala pa mpando mpaka nkhani yonse itatha.

Lero Make Farida abwerera pa beseni lawo, ndipo Steward amagulanso zitumbuwa zake zinayi. Mtendere ndi Leah akukulira limodzi, popeza Farida amabwera kawirikawiri. Leah ndi wamkulu thupi kuposa amalume ake, ndipo sawapatsa ulemu ngakhale pang'ono. Dzana Farida anamupatsa chitumbuwa n'kumuuza kuti agwade akapereke kwa amalume. Mwanayo anayenda bwinobwino mpaka pamene panakhala Mtendere, anagwada monga anamuuzira, anadya chitumbuwacho yekha akumuyang'ana m'maso, kenaka anamulanda ndi chimene anali nacho m'manja.